CHIFUKWA CHIANI MAKINA AFULUMIRA KWA MNZANGA NDI KUCHEDWA KWA INE?

Nkhani imene Mlangizi wa za Ulimi wa ku Chongoni, m'Boma la Dedza, anakamba pa wailesi pa nthawi ya alimi.

 Masiku ena onse ndikabwera pano ndimakamba za akalozera, za manyowa ndi za mbeu. Lero ndabwera ndi nkhani ya makina. Musatseke wailesi poganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya ana a sukulu, iai. Masiku ano maina a alimi amalembedwa m'makina, ndalama za mbatatesi ndi nyemba zimabwera pa foni, ndipo makinawo akachedwa mlandu wake umakathera pa bwalo la mfumu.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china, nyengo yogula fetereza wotsika mtengo, ndinali pa malo ena ogulitsira kuno kwathu. Amai awiri a mudzi umodzi anaima motsatana pa mzere. Woyamba anapereka chiphaso chake, kalaliki anachiloza ndi foni, ndipo nthawi yomweyo dzina linaoneka, nalipira, nasenza thumba lake. Wachiwiri anapereka chake. Foni inangokhala duu. Kalaliki anayesanso, koma osatheka. Dzuwa linapendeka mai uja ali chiimire, mwana ali kumbuyo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati kalaliki afuna kangachepe, wina anati dzina la maiyo lagulitsidwa kwa mavenda, winanso anati alipo amene wawachita chipongwe kumudzi.

A Nyakwawa a mudziwo anandikokera pambali nati, "Alangizi, inu munapita ku sukulu. Foni ndi yomweyi, kalaliki ndi yemweyu, ziphaso n'za Boma limodzi. Nanga bwanji kwa uyu yathamanga, kwa uyu yakwawa?" Ine ndinati, "A Mfumu, ndi netiweki." Iwo anapukusa mutu, ndipo inenso sindinakhutire ndi yankho langa, pakuti mau amenewa timangowaponya pali ponse pamene tasowa chonena. Mai uja anagula fetereza wake m'mawa mwake, ndi chiphaso chomwecho, pa foni yomweyo, mosachedwa konse. Kuyambira pamenepo ndakhala ndiri kufunsa kwa odziwa ndi kuwerenga, ndipo lero ndifuna kuwayankha bwino a Nyakwawa aja pamodzi ndi inu nonse.

M'MENE MAKINA ANALOWERA M'NCHITO ZATHU

Akulu-akulu mukumbuka kuti kuyambira 2005 fetereza wotsika mtengo tinkagula ndi makuponi a pepala. M'chaka cha 2017 Boma, kudzera ku National Registration Bureau, linalemba anthu opitirira 9 miliyoni ndi kuwakonzera ziphaso za unzika. Tsono m'chaka cha 2020, pamene inayamba ndondomeko ya AIP, makuponi analekeka. Mlimi ankapita ndi chiphaso chake ndi K4,495 ya thumba limodzi la makilogalamu 50, ndipo kalaliki ankaloza chiphasocho ndi foni. Foniyo inkafunsa kompyuta yaikulu ya kutali ngati dzinalo lirimo m'kaundula ndiponso ngati mwini wake sanagule kale. Chaka chimenecho manyuzipepala ndi mawailesi anasimba kuti m'maboma ambiri alimi anachita kugona pa mizere chifukwa makina ankachedwa kuyankha.

Ndalama za pa foni nazo zinafika kale. Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012 ndipo Mpamba wa TNM mu 2013. Ali yense amene anatumizako ndalama adziwa kuti tsiku lina uthenga umabwera usanachoke pa khomo la ajenti, tsiku lina umafika uli kale kunyumba.

PULOGALAMU NCHIANI?

Foni ya m'manja ndi kompyuta yaing'ono. Iribe nzeru zake-zake. Imangotsata mndandanda wa malamulo amene munthu analemba, ndipo mndandanda umenewu ndiwo timautcha pulogalamu. Uli ngati malangizo amene ife timakupatsani pobzala chimanga: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Pulogalamu yoona chiphaso nayo iri ndi malamulo ake otero: werenga nambala, funsa dzina, dikira yankho, onetsa pa galasi.

M'kati mwa foni muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamachita malamulowo limodzi-limodzi. Kali ndi kugunda kwake ngati mtima, ndipo kamagunda koposa 1,000,000,000 pa sekondi imodzi. Munthu akamva zimenezi aganiza kuti popeza malamulo ndi omwewo ndipo makina satopa, nthawi yake iyenera kukhala yofanana masiku onse. Koma si m'mene ziriri. Inu mukachoka kwanu kupita ku msika wa Linthipe, njira ndi yomweyo, miyendo ndi yomweyo, koma simufika nthawi yofanana masiku onse. Tsiku lina mwakumana ndi maliro, tsiku lina mtsinje wadzala, tsiku lina mwasenza katundu wolemera. Makina nawo amakumana ndi zao m'njira. Nditchula zinai.

CHOYAMBA: NCHITO ZIMALANDIZANA

Foni sigwira nchito imodzi yokha. Pamene kalaliki ali kuloza chiphaso chanu, m'katimo muli nchito zina zambiri zimene iye saziona. Ina iri kumvetsera nsanja, ina iri kulandira mauthenga a WhatsApp, ina iri kuyang'anira batire, ina iri kutenga zokonzera mapulogalamu kuchokera pa intaneti. Pamwamba pa zonsezi pali kapitao wogawa nthawi, ndiyo pulogalamu yaikulu imene m'mafoni ambiri a kuno imatchedwa Android. Kapitaoyu amapatsa nchito iri yonse kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana ndi kuphethira kwa diso komwe, kenaka amaiimitsa ndi kulowetsa ina.

Taganizani mai ali kuphika nsima. Ufa ndi womwewo, mphika ndi womwewo. Koma lero mwana walira, mbuzi yalowa m'dimba, mlendo waodira pakhomo. Nsima ichedwa, ngakhale kuti maiyo sanasinthe kaphikidwe. Mawa pakhomo pali zii, ndipo nsima ipsa msanga.

Palinso china. Purosesa ya mafoni ambiri a masiku ano iri ndi anchito anai kapena asanu ndi atatu m'kati mwake, ndipo kawiri-kawiri sakhala olingana mphamvu. Ena ndi amphamvu koma amadya batire, ena ndi ofooka koma amasunga batire. Kapitao uja ndiye amasankha woti asenze nchito yanu. Mwini ngolo adziwa kusiyana kwa ulendo umene wamanga ng'ombe zazikulu ndi umene wamanga zophunzira kumene. Ndiponso nthawi ndi nthawi pulogalamu imaima pang'ono kuti isese zinthu zimene yatha nazo nchito. Kusesako kukagwera pa chiphaso chanu, ndinu amene mudikire.

CHACHIWIRI: ZA PAFUPI NDI ZA KUTALI

Kuti purosesa igwire nchito iyenera kutenga manambala ndi maina kumene asungidwa, ndipo mosungira simukhala mumodzi. Tibwerere kwa mai wophika uja. Mchere uli pambali pa mafuwa, angotambasula dzanja. Ufa uli m'nyumba, ayenera kunyamuka. Chimanga chiri m'nkhokwe, chifunika kutapa, kutonola ndi kupita nacho ku chigayo. Zikatha zonse, ndiye ulendo wa ku msika.

M'foni namo muli momwemo. Muli kosungira kakang'ono kwambiri pafupi peni-peni ndi purosesa, kamene akatswiri amakatcha cache. Ndiko ka mchere kaja. Muli kosungira kokulirapo, kumene kukatenga chinthu kumadya nthawi yochuluka ka makumi angapo kapena ka 100. Ndiye muli nkhokwe, mosungira zithunzi ndi mapulogalamu foni ikazima, kumene kumachedwetsanso ka mazana-mazana kuposa apo.

Mai wina wa ku America, Grace Hopper, amene anali katswiri wa makompyuta ndiponso mkulu wa asilikali a pamadzi, pophunzitsa ankagawira anthu timawaya totalika ngati masentimita 30. Ankafuna kuwaonetsa mtunda umene magetsi angathe kuyenda pa kagawo kamodzi ka sekondi yogawidwa pa 1,000,000,000. Ndiye kuti pa kugunda kumodzi kwa purosesa, uthenga sungapitirire utali wa rula ya mwana wa sukulu. Chotero kwa makina, mtunda wa chikhatho chimodzi ndi ulendo ndithu.

Nchifukwa chake mukatsegula pulogalamu koyamba m'mawa imachedwa, koma mukaitseka ndi kuitsegulanso imafulumira. Ulendo woyamba inakatapa ku nkhokwe, wachiwiri inapeza zonse ziri pambali pa mafuwa. Koma malo a pafupiwo ndi ochepa. Nchito ina ikalowa imachotsa zanu ndi kuikapo zake, ndipo inu mukabweranso ayenera kukatapanso. Zonsezi zimachitika kalaliki osaona kanthu.

CHACHITATU: KUTENTHA NDI BATIRE

Purosesa ikagwira nchito imatentha, ndipo ikatentha kwambiri ingaonongeke. Chotero opanga mafoni anaikamo lamulo lakuti kutentha kukafika pena pake, kugunda kuja kuchepe mpaka foni itazizira. Ng'ombe yolima nayo dzuwa likafika pamutu imachepetsa mayendedwe, ndipo mlimi wanzeru saikwapula. Foni imene yakhala pa thebulo padzuwa m'mwezi wa October kuyambira m'mawa, iri kugwira nchito kosapuma, pofika masana sithamanga ngati m'mene inachitira m'bandakucha. M'mwezi wa June, ndi chisanu chathu cha ku Dedza kuno, bvuto limeneli limachepa.

Batire likatsala pang'ono, mafoni ambiri amalowa m'machitidwe osunga moto, ndipo njira imodzi yosungira motowo ndiyo kuchepetsa liwiro. Foni yomweyo imene inali yachangu itadzala, madzulo imakhala yaulesi.

CHACHINAI: NJIRA YA UTHENGA NDI MZERE WOSAONEKA

Zitatu zimene ndatchulazi zimachitika m'kati mwa foni, ndipo kawiri-kawiri zimaonjeza kanthawi kochepa. Chimene chimagonetsa anthu pa mzere makamaka ndi chachinaichi. Foni ikafuna kufunsa dzina lanu, funsolo limauluka kupita ku nsanja, kuchoka apo limadzera m'nsanja zina kapena m'zingwe za pansi mpaka ku kompyuta yaikulu, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo.

Kuno kwathu ndi ku mapiri. Mapiri omwewa amene amasunga zojambula za makolo m'mapanga a Mphunzi, Namzeze ndi Chentcherere, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, amatsekereza uthenga wa foni. Munthu woima pa chulu amamva, woima m'khwawa samva. Mvula yamphamvu imafooketsa uthenga pakati pa nsanja ndi nsanja. Magetsi akazima nsanja imadalira mabatire kapena injini yake. Ndiponso nsanja imodzi imagawira mphamvu yake anthu onse amene ali kuimba ndi kutumiza pa nthawiyo, kotero kuti tsiku la msika gawo la munthu mmodzi limachepa. Kachidutswa ka uthenga kakatayika m'njira, foni imayamba yadikira isanakatumizenso, ndipo kakatayikanso imadikira nthawi yotalikirapo. Apa ndi pamene mai woyamba apita msanga, wachiwiri natsala.

Ndiye pali mzere wina umene inu simuuona. Pamene muli pa mzere kuno, alimi a ku Karonga, ku Mchinji ndi ku Nsanje nawo ali pa mizere yao, ndipo mafunso ao onse amakakumana pa khomo la kompyuta yaikulu ija. Munthu amene anayamba kuwerengera za mizere yotere anali Agner Krarup Erlang wa ku Denmark, amene ankagwira nchito ku kampani ya lamya ya mu mzinda wa Copenhagen, ndipo analemba za zimenezi m'chaka cha 1909. Masamu a mizere amene anayamba ndi iye amatiphunzitsa chinthu chodabwitsa, ndipo ndichifotokoza ndi chigayo.

Tiyerekeze chigayo chimene chingathe kugayira anthu 10 pa ola, ndipo anthuwo amafika mosapangana, wina ndi dengu, wina ndi thumba. Akamafika anthu 5 pa ola, munthu amatha mphindi ngati 12 kuyambira pofika mpaka pochoka. Akamafika 8, amatha mphindi 30. Akamafika 9, amatha ola lathunthu. Taonani: anthu sanachuluke ngakhale kawiri, koma nthawi yachuluka kasanu. Akapitirira 10, mzere sutha mpaka ena atabwerera kwao. Chigayo sichinaonongeke, mwini chigayo sanakondere, koma chayandikira polekezera mphamvu yake. Kompyuta yaikulu imachita chimodzi-modzi dziko lonse likadzuka tsiku limodzi kukagula.

NGAKHALE AKATSWIRI ZIMAWAZUNGUZA

Mwina wina ati, "Tachotsani netiweki, tsekani nchito zina zonse, ikani makina pa mthunzi. Pamenepo nthawi ilingana." Ngakhale pamenepo silingana kweni-kweni. M'chaka cha 2009 akatswiri anai, Todd Mytkowicz, Amer Diwan, Matthias Hauswirth ndi Peter Sweeney, anaonetsa chinthu chimene chinadabwitsa anzao. Ankatenga pulogalamu imodzi pa kompyuta imodzi, osasintha lamulo ndi limodzi lomwe. Ankangosintha tinthu tooneka topanda pake, monga kuchuluka kwa timau timene kompyuta imasunga pambali tonena za amene ali kuigwiritsa nchito, kapena dongosolo lolumikizira zigawo za pulogalamuyo. Nthawi inkasintha, ndipo inkasintha mokwanira kunamiza munthu kuti njira yakuti ndi yachangu pamene siiri yachangu.

Chifukwa chake ndi ichi. Timau tija tikatalika kapena kufupika, zinthu zonse zotsatira zimasendera pena m'malo osungira. Ziri ngati kusanja matumba m'chipinda. Matumba ndi omwewo, koma mukayambira chikhatho chimodzi kutali ndi khoma, thumba lomaliza limakagwera pa khomo, ndipo tsiku lonse mudzakhala muli kulilambalala. Akatswiriwo anawerenganso zolemba 133 za anzao ndipo anapeza kuti panalibe amene anasamala mokwanira za msampha umenewu. Mankhwala amene analangiza ndi akuti munthu ayese kambiri-mbiri, ndipo ulendo uli wonse asinthe-sinthe tinthu tija mosasankha.

Pamene ndinawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, pakuti ife a zaulimi mankhwala amenewa tinawadziwa kale. Ronald Fisher, amene anayamba nchito pa malo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku England m'chaka cha 1919, ndiye anaphunzitsa kuti mbeu siyesedwa pa kamunda kamodzi. Mukapita ku Chitedze, kumene kafukufuku anayamba m'chaka cha 1948, kapena ku Bembeke kuno ku Dedza, mudzaona mbeu imodzi yabzalidwa pa timinda tingapo tomwazikana, ndipo malo ake amasankhidwa mwa maere. Amatero chifukwa munda umodzi suli wofanana ponse. Pena panali chulu, pena panali khola, pena pali mtengo wa msangu umene umathira chonde. Mbeu yoipa ikagwera pa chulu ingaoneke yabwino. Inu nomwe mudziwa kuti chimanga cha phando ili ndi cha phando ilo sichilingana, chonsecho munabzala tsiku limodzi ndi dzanja limodzi. Simunena kuti phando lina lalodzedwa. Mumaweruza munda ndi nkhokwe yake.

Makina nawo tiwaweruze chomwecho. Amene muli ndi foni yesani nokha. Tsegulani pulogalamu imodzi kasanu, mwana awerenge masekondi. Tiyerekeze mwapeza 3, 4, 3, 12 ndi 4. Musatenge 12 ndi kunena kuti foni yafa, musatengenso 3 ndi kunena kuti ndiyo nthawi yake. Sanjani manambalawo kuyambira yaing'ono: 3, 3, 4, 4, 12. Ya pakati, ndiyo 4, ndiyo khalidwe lake la foniyo. Ya 12 ija ndi tsiku limene munakumana ndi maliro panjira.

KUSIYANITSA KUCHEDWA KOONA NDI CHINYENGO

Tsono ndisakunamizeni kuti pali ponse pamene anena kuti makina achedwa ndiye kuti ndi zoona. Alipo anthu osakhulupirika amene amabisala kumbuyo kwa mau akuti netiweki palibe. Nchifukwa chake ndakufotokozerani zonsezi, kuti mfumu isamange mlandu pa munthu wosalakwa, komanso isapusitsidwe ndi wakuba.

Chizindikiro chachikulu ndi ichi: kuchedwa koona kulibe maso. Sikudziwa wolemera kapena wosauka, mbale wa kalaliki kapena mlendo. Kumagwera uyu lero, uyo mawa, ndipo kumakula masana pamene anthu achuluka. Koma mukaona kuti makina amadzuka nthawi zonse pamene munthu wapereka kangachepe, kapena amafa usana wonse ndi kuuka usiku galimoto la mavenda litafika, dziwani kuti amenewo si mapiri kapena dzuwa. Ndiponso kuchedwa n'kosiyana ndi kukana. Makina akayankha msanga kuti dzina mulibe, kapena kuti mwagula kale pamene simunagule, kudikira sikungathandize. Nkhani yotere ipite kwa mlangizi ndi kwa mfumu tsiku lomwelo.

ZOYENERA KUCHITA

1. Mukatumiza ndalama pa foni ndipo uthenga wachedwa, musatumizenso msanga. Kawiri-kawiri ndalamazo zapita kale, uthenga wokha ndiwo watsalira m'njira. Yambani mwaona ndalama zotsala m'foni mwanu, ndipo funsani amene mwamtumizira. Wotumiza kawiri amavutika kuti zibwerere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

2. Uthenga ukafika musaufute. Uli ndi nambala imene iri umboni wanu pakabuka mlandu.

3. Chiphaso chanu musachisiye m'manja mwa munthu wina ndi mau akuti adzayesa usiku makina akadzuka. Bwererani nacho kunyumba ndi kubwera nacho m'mawa. Nambala yanu ya chinsinsi musauze munthu, ngakhale ajenti amene.

4. Inu makalaliki, maajenti ndi alangizi anzanga, foni ya nchito ikhale pa mthunzi, batire likhale lodzala, ndipo tsekani mapulogalamu a macheza pa nthawi ya nchito. Funani malo amene uthenga umamveka bwino ndi kuika thebulo pamenepo. Makina akachedwa, tembenuzani foni kuti mlimi aone yekha pa galasi. Munthu amene waona ndi maso ake sakhala ndi mangawa.

5. Inu mafumu ndi anyakwawa, kumbukani chigayo chija. Panganani ndi oyang'anira malo kuti midzi ipite molandizana, mudzi wakuti tsiku lakuti. Mzere wa ku kompyuta yaikulu simungaufupikitse, koma wa pakhomo panu mungathe, ndipo okalamba ndi amai apakati sadzapsa ndi dzuwa pachabe.

6. Mukakayika, musaweruze ndi tsiku limodzi kapena munthu mmodzi. Sankhani munthu wodziwa kulemba, wa m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, akhale pamenepo masiku atatu kapena anai. Alembe tsiku, ola, anthu angati athandizidwa pa ola liri lonse, ndi nthawi imene makina anaima. Pepala lotere ndi lamphamvu kuposa mphekesera. Likaonetsa kuti kuchedwa kuli kugwera ali yense, lipite kwa mlangizi kuti a ku Boma adziwe kuti dera lathu lifuna thandizo. Likaonetsa kukondera, lipite kwa Bwanamkubwa wa boma lathu kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau.

Ndibwerere kwa a Nyakwawa aja. A Mfumu, foni inali yomweyo ndithu, koma nthawi sinali yomweyo. Pakati pa mai woyamba ndi wachiwiri panapita mphindi zowerengeka chabe, koma m'mphindi zimenezo foni inaonjeza kutentha, anthu ena analowa pa nsanja, ndipo mafunso ochokera m'maboma ena anaunjikana pa khomo la kompyuta yaikulu. Chimene chinagwira mwendo wa mai uja pa zonsezi, ngakhale amene anapanga makinawo akadayenera kuyesa kambiri asanachiloze ndi chala. Nanga ife tingathamangire bwanji kuloza mnansi wathu wa m'mudzi?

Pamene pakubvutani funsani mlangizi wa kwanu, pakuti safunsa anadya phula. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za kasungidwe ka mbeu ya mbatatesi.